A Ndevu Ometa ndi Funso la Namwino

Mwezi watha parishi yathu inaika m'manda bambo amene tonse tinkawatchula kuti a Ndevu, ometa tsitsi a pakona ya msewu wopita kumsika. Anamwalira ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu. Ambiri tinkawadziwa ngati nkhalamba yosachedwa ku Misa ya m'mawa, yokonda benchi lakumapeto, ndipo ana ankadabwa kuti munthu wachibwano chosalala chotero dzina limeneli analitenga kuti. Eni ake anapempha bambo mfumu kuti akadzapita nkhani yawo idzalembedwe yonse, osadumpha pochititsa manyazi. Ndiyo ili pano.

A Ndevu anabadwa ndi mlomo wam'mwamba wong'ambika mbali yakumanzere, kuyambira pamphuno kutsika. Kumwamba kwa m'kamwa kunali kwathunthu, choncho anayamwa ndi kukula ngati ana ena. Bambo awo anamwalira iwo asanayambe kuyenda, ndipo mayi awo, amene ankasesa m'maofesi, anawalera okha m'chipinda chimodzi. Ana a pamsewu akawaona ankakweza milomo ndi chala n'kumawatsanzira kalankhulidwe. Iwo sankabwezera. Ankathawira kutchalitchi, kumene anapeza kuti munthu akagwada n'kuweramitsa mutu palibe amamuyang'ana kumaso, ndipo kupemphera anakuphunzira motero, pobisala.

Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, madokotala anawasoka mlomowo. Panatsala chipsera chowongoka, chotuwa. Chaka chomwecho mayi awo anasamukira kuno, ndipo tsiku lofika anawakhazika pansi katundu asanamasule.

"Kuno palibe akutidziwa," anatero. "Wina akakufunsa za pamlomopo, uzinena kuti unagwera pachitini uli wamng'ono. Wamva?"

Mwanayo anamva. Nkhani ya chitini anainena kusukulu, anainena ku katekisimu, mpaka inayamba kumveka yoona ngakhale m'makutu mwake. Ndevu zitayamba kumera anazisiya kuti ziphimbe mlomo wonse, ndipo sanazikhudzenso ndi lezala.

Ntchito yometa anaiphunzira ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo pambuyo pake anatsegula malo awoawo: kachipinda ka mpando umodzi wozungulira, kalirole wamkulu, benchi la odikira, shelefu ya zipeso ndi malumo, botolo la sipiriti, ndi kamtanda kakang'ono pamwamba pa chitseko. Mutu woyamba wa tsiku sankaugwira asanachite chizindikiro cha mtanda. Makasitomala ankawaseka kuti ometa osameta. Wina ankafunsa ngati m'tchiremo simunaikire mbalame, wina n'kumati tiyi akamamwa amasefedwa kawiri. Iwo ankangomwetulira pansi pa tchire lawolo, lumo likulira. Dzina la a Ndevu linabadwira pabenchi limenelo.

Kutsidya kwa msewu kunali bekare, ndipo kumeneko kunkagwira ntchito mtsikana wina woimba kwaya, wofatsa, wa manja otuwa ndi ufa nthawi zonse. Makolo ake anamwalira iye ali khanda, ndipo analeredwa ndi azakhali ake amene sankakonda kukamba zakale. A Ndevu anatha chaka chonse akugula buledi woposa amene akanatha kudya asanalimbe mtima kumulankhula. Anamanga ukwati m'tchalitchi chathu chino. Patapita masiku ochepa, mkaziyo anachipeza chipsera chija ndi chala n'kufunsa. Atamva za chitini anaseka, nati chitinicho chinali chopanda ulemu, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Chaka chachiwiri cha banja lawo kunabadwa mwana wamkazi. Mlomo wake unali wong'ambika, ndipo mng'aluwo unalowa mpaka kumwamba kwa m'kamwa, moti akalira munthu ankaona njira yolowera m'mphuno. A Ndevu atamuona anaima kumiyendo kwa bedi, mayi awo ali pambali pawo, akazi awo atafungatira khandalo akulipukuta ndi kansalu.

Namwino anabwera ndi pepala ndi cholembera. Anafunsa zaka za makolo, anafunsa za mankhwala amene mayi ankamwa ali woyembekezera, kenako anati: "Kodi kumtundu kwa bambo kapena kwa mayi alipo amene anabadwa chonchi?"

A Ndevu anamva mayi awo akuwagwira chigongono.

"Palibe," anayankha.

Akazi awo anati iwo sakudziwa, poti makolo awo sanawaonepo. Namwino analemba n'kupita pabedi lina. Zonsezi sizinathe ndi mphindi imodzi yomwe.

Kunyumba mayi a a Ndevu sanachedwe kuyala nkhaniyo mmene ankafunira. Ankauza obwera kudzaona mwana kuti kwawo zoterezi kulibe, ndi kuti vuto lokwatira munthu wosadziwa kumene anachokera ndi limeneli, sudziwa zimene wanyamula m'magazi. Ankanena motsitsa mawu, koma nyumbayo inali yaing'ono. Mpongozi wawo ankamva zonse ali kuchipinda, ndipo poti za kumtundu kwake sankazidziwa, anakhulupirira.

Khandalo silinkatha kuyamwa. Mkaka unkatulukira m'mphuno, mwana n'kutsamwa, n'kulira mpaka kutha mawu. Amake ankafinyira mkaka m'kapu n'kumamumwetsa ndi kasupuni, dontho limodzilimodzi, koma panalibe amene anawaonetsa kagwiridwe koyenera. Kuchipatala anati adzamusoka akakwera sikelo, ndipo sikeloyo sinkakwera. Tsiku lina masana, a Ndevu atamunyamula mwanayo, akazi awo anakhala nthawi akuyang'ana nkhope ziwirizo, ya bambo ndi ya mwana.

"Bambo a mwana, musandikwiyire," anatero. "Chipsera chanu chija n'chachitinidi?"

"N'chachitini."

"Pepani. Mutu wangawu ukungoganiza zambiri."

A Ndevu ankati pa zonse zimene anamva m'moyo wawo, palibe chinawapweteka ngati pepani ameneyo. Koma anamulandira.

Mwanayo anadwala chifuwa mkaka utalowa m'mapapo. Bambo mfumu anamubatiza m'chipatala momwemo, ndipo anamwalira Lachinayi m'mawa ali ndi masabata asanu ndi anayi. Patatha miyezi itatu, akazi a a Ndevu anachapa zovala zonse za m'nyumba, anazisita, anakolopa, n'kulongedza chikwama chimodzi. Anati amuna awo ndi munthu wabwino woyenera ana abwinobwino, ndipo iwo sangathe kuwapatsa; sakufuna kuonanso mwana wina akuzunzika chifukwa cha magazi awo. A Ndevu anawapempha kuti asachoke. Anapempha ndi misozi, ananena zambiri, koma chimodzi chimene chikanawaletsa sanachinene. Pomaliza anawanyamulira okha chikwamacho mpaka pabasi.

Zaka ziwiri zotsatira sanajombe ku Misa, koma nthawi yolandira Ukaristia ikakwana ankatsala pabenchi, manja ali pamaondo. Anthu ankati n'chisoni. Mayi awo atadwala anawasamalira mpaka mapeto, ndipo gogoyo asanatsikire kulichete anavomera kuti analakwa, kuti ankangofuna kuti mwana wawo asalozedwenso chala. A Ndevu sanawadzudzule. Ankati pakamwa pamene panatuluka "palibe" panali pawo, osati pa mayi awo.

Maliro atatha anapita kukalapa. Bambo mfumu wa nthawi imeneyo anawamvetsera mpaka kumapeto, nawauza kuti Mulungu wawakhululukira, koma katundu amene anatula akadali pamutu pa munthu wina, ndipo woyenera kukamutula ndi iwo. Mawa lake m'mawa, asanatsegule chitseko cha malo awo, anakhala pampando wozungulira uja n'kudzimeta.

Woyamba kulowa anali woyendetsa galimoto wina wokonda nthabwala. Anaima pakhomo n'kufunsa kuti eni malo apita kuti, ndipo mnyamata walowayu wamulemba ntchito ndani. Enanso anafika, kuseka kunali tayale, mpaka mmodzi anayang'anitsitsa pamlomopo n'kusiya kuseka. A Ndevu anawauza zonse ali chiimire, chipeso chili m'manja: mmene anabadwira, zimene namwino anafunsa, zimene iwo anayankha. Kuyambira tsiku limenelo sanasungenso ndevu, koma dzina linakana kuchoka.

Anayamba kuwafunafuna akazi awo. Kwa azakhali aja anapeza kuti anamwalira ndipo m'nyumbamo mukukhala anthu ena. Ku bekare palibe ankadziwa. Anatumiza makalata kumaparishi akutali kuti alengeze, ndipo chaka chilichonse ankatseka malo awo sabata imodzi n'kukwera basi, chithunzi cha ukwati chili m'thumba la malaya. Ankabwerako osawapeza, n'kutsegulanso malo awo. Akazi ena anawafuna, abale a mumpingo anawalangiza kuti aone zochita, koma iwo ankangoti ali ndi mkazi, ndipo pali mawu ake amene sanamufikire.

Lachitatu lililonse ankanyamula zipangizo zawo m'kachikwama kupita kuchipatala kukameta amuna ogonekedwa nthawi yaitali. Kumeneko namwino wina wamkulu anawaona mlomo, nawapempha kuti akaonekere kwa mayi wina wachitsikana amene anabereka mwana wotero ndipo ankakana kumuyang'ana. A Ndevu anapita. Anakhala pampando, analoza mlomo wawo, nati iwonso anabadwa chimodzimodzi ndipo pano ndi awa, amadya, amaimba nyimbo za ku Misa molakwitsa ngati wina aliyense. Mtsikanayo anaseka misozi ili m'maso, kenako anapempha kuti amupatse mwana wake.

Tsiku lomwelo analimba mtima kufunsa dokotala wa ana funso limene linkawadya. Dokotalayo anawafotokozera modekha kuti nkhope ya mwana imapangika m'masabata oyambirira a mimba, mbali zake zikukumana n'kulumikizana, ndipo nthawi zina sizimaliza kukumana. Anati zimenezi kawirikawiri sizichokera pa chinthu chimodzi. Pali tizinthu tambiri ting'onoting'ono timene mwana amatengera kwa bambo ndi kwa mayi, ndipo tikakumana mwanjira ina, pamodzi ndi zina za nthawi ya mimba monga utsi wa fodya, mankhwala ena kapena kuperewera kwa zofunika m'thupi, mwana amatha kubadwa chonchi. Ena amabadwa nazo kumtundu kulibe aliyense wotero. Kholo likakhala kuti linabadwa nazo, mpata woti mwana atengere umakulirapo, n'chifukwa chake anamwino amafunsa. Safunsa kuti apeze wolakwa.

"Nanga tikanakhala ndi wachiwiri?" anafunsa a Ndevu.

"Palibe angalonjeze," anatero dokotala. "Koma mwa ana zana obadwa m'mabanja ngati lanu, opitirira makumi asanu ndi atatu amabadwa milomo ili yathunthu."

A Ndevu anathokoza, anatuluka, nakakhala pamasitepe akuseri kwa wodi mpaka dzuwa linapendeka. Kenako anadzuka kukamaliza kumeta odwala awiri amene ankawadikira.

Utumiki umenewu anauchita zaka zoposa makumi atatu. Anaphunzira kwa anamwino kumwetsa khanda lotero litakhala tsonga, pang'onopang'ono, kupumira pafupipafupi kuti ligeye, ndipo anaphunzitsa amayi osawerengeka. Koma mtima wawo unali makamaka pa abambo. Akamva kuti mwamuna wina wayamba kuloza mkazi wake chala kapena akufuna kuthawa banja, ankamuitana kuti adzamumete. Ankati munthu amene wapakidwa thovu ndipo lezala lili pakhosi amamvetsera bwino kuposa wa mutchalitchi. Pampandopo ankamufotokozera zimene dokotala ananena, n'kumuuzanso nkhani yawo osadzichepetsera mlandu. Kawirikawiri ankamaliza ndi mawu omwewomwewo: "Namwino akakufunsani, yankhani zoona, achimwene. Funso lake n'lalifupi, koma ine likundifunsabe." Mabanja angapo m'parishi muno akanatha pakanapanda mpando umenewo, ndipo eni ake akudzidziwa.

Ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi chimodzi, kuchipatala kunabwera mayi wina wochokera kutali kudzasoketsa mwana wake. A Ndevu anaona kuti amamugwira bwino pomumwetsa, namufunsa kuti anamuphunzitsa ndani. Mayiyo anati kwawoko kuli gogo wina wochapa zovala pasukulu yogonera pomwepo, amene anamuuza kuti nayenso anali ndi mwana wotero kalekale, anamwalira, ndipo vuto linali magazi ake. Anati gogoyo kale ankaumba buledi.

A Ndevu ananyamuka mawa lake. Anapeza akazi awo kuseri kwa nyumba yochapira, pakati pa zingwe, akuyanika nsalu za pabedi, tsitsi lili mbuu, msana utapindika pang'ono. Mayiwo anawazindikira ndi kayendedwe. Anayang'ana nkhopeyo, imene anali asanaionepo yopanda ndevu, ndipo maso awo anaima pamlomo. A Ndevu anavula chipewa.

"Mayi a mwana," anatero, "panalibe chitini. Ndinabadwa ngati mmene anabadwira mwana wathu. Namwino uja ndinamunamiza, inunso ndinakunamizani. Sizinali za magazi anu."

Mayiwo anatembenuza ndowa n'kukhalapo. Atalankhula, sanakweze mawu. Anati panali mwamuna wina wabwino amene anawafunsira kawiri, iwo n'kumukana, osati chifukwa cha malumbiro a mutchalitchi ayi, koma poopa kumubalira mwana wovutika. Anati zaka zonsezi akapita kukalapa ankalapa tchimo lopha mwana ndi thupi lawo, ansembe n'kumawauza kuti si tchimo, iwo osamva. Anati tsiku lija anafunsa za chipsera anali ataona ndi maso awo, koma anasankha kukhulupirira mwamuna wawo kusiyana ndi maso awo.

"Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi," anatero. "Munandinyamulira chikwama, inu."

A Ndevu anagwada pafumbi n'kupempha chikhululukiro.

"Dzukani, mudetsa thalauza. Mwanena, ndamva. Tsopano pitani, ndimalize kuyanika. Ndipo musabwerenso."

Sanapitenso. Anamvera monga mmene munthu amamvera chilango choyenera. Anabwerera kumpando wawo ndi ku Lachitatu lawo, ndipo amene ankakhala nawo pafupi m'tchalitchi ankawamva akutchula akazi awo m'pemphero tsiku lililonse, osapempha kuti abwerere, koma kuti Mulungu awapatse mtendere umene iwo anawalanda. Manja atayamba kunjenjemera anasiya lezala, koma kuchipatala ankapitabe ndi ndodo kukangokhala pafupi ndi amayi aja.

Chaka chino mtima unayamba kuwavuta, miyendo inatupa, ndipo anagona. Amayi a mumpingo ankasinthana powasamalira. Anapempha kuti akazi awo asavutitsidwe ndi uthenga, koma katekisiti anatumizabe. Loweruka masana, bambo mfumu atangowadzoza mafuta a odwala, pakhomo panaima mayi wokalamba atanyamula kachikwama ka m'manja. Onse anafuna kutuluka, koma mayiwo anati akhale, palibe chobisika chatsala m'nyumbamo. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi.

"Ndabwera kuti musapite mukudzifunsa," anatero. "Sindikunamizani kuti mtima wanga wapola. Ndauuza, wakana. Koma ndakhala ndikupempha Mulungu kuti mlandu umenewu asakusungireni, ndipo lero ndikunena pamaso pa anthuwa kuti inenso sindikusungirani."

Misozi ya a Ndevu inkatsikira m'makutu. Mayiwo anatenga nsalu n'kuwapukuta, kenako anawerama.

"Mukakamuona, mukamuuze kuti amake sanamulakwire."

"Ndikamuuza," anatero a Ndevu. "Ndikayambira pamenepo."

Anamwalira Lamulungu m'mawa, belu la Misa yachiwiri likulira, mwakachetechete ngati munthu wogona atamaliza ntchito. Amene anawatseka maso ndi akazi awo. Pamaliro panali amayi ambiri obereka ana kumbuyo, anyamata ndi atsikana a zipsera zazing'ono pamlomo, ndi abambo ena amene anaima chakumbuyo mitu ili pansi.

A Ndevu sanali munthu wopanda banga, ndipo akanakhumudwa tikanawalemba choncho. Anatisiyira chitsanzo cha munthu amene anagwa pa mawu amodzi, nasenza kulapa kwake poyera kwa zaka makumi anayi, osadandaula, osafuna kuti wina awamvere chisoni. Ambuye awalandire, awakumanitse ndi mwana wawo. Tiwapemphererenso mayi aja. Mwambo wa kumanda utangotha anatsazika bambo mfumu n'kukwera basi ya masana okha, poti ana asukulu anali atatsegulira ndipo zochapa zinali zitaunjikana.